Sabata imodzi ndi makina a X-ray

Dipatimenti yomwe timasamalira ili ndi makina a X-ray amitundu inayi: a m'chipinda chojambulira zifuwa ndi mafupa, oyenda pa mateyala omwe amapita kumawodi, ma C-arm awiri a kuthiyeta (makina a mkono wopindika ngati chilembo C), ndi makina aakulu a m'chipinda chomwe madokotala amalowetsera katheta m'mitsempha ya magazi maso ali pa sikirini. Ife sitijambula odwala. Ntchito yathu ndi kuyeza makinawa, kuwachuna, kuwakonza akafa, ndi kulemba zonse m'buku kuti wobwera pambuyo pathu adziwe pomwe tasiyira. Sabata yomwe tikufotokozayi inali yamasiku onse, yopanda ngozi. Koma ambiri mwa mavuto omwe tinapeza anabisala mofanana: chithunzi chinkatuluka chooneka bwino ndithu, pamene wodwala ankalandira cheza choposa chomwe chimafunika.

Lolemba m'mawa timayambira m'chipinda chojambulira wamba, chifukwa chubu chake chimakhala chitazizira. Mkati mwa chubucho muli kawaya ka tungsten kotchedwa filament. Kakatentha kamatulutsa ma electron, ndipo magetsi a pakati pa 40 ndi 150 kV (ma kilovolt) amawathamangitsa kuti akawombe mbale yachitsulo yotchedwa anode. Pa mphamvu yonseyi, pafupifupi 1 peresenti yokha ndiyo imasanduka cheza cha X-ray. Yotsalayo imangokhala kutentha, ndipo kumagwera pa kadontho komwe kukula kwake kumalembedwa kuti mamilimita 0.6 kapena 1.2. N'chifukwa chake anode imazungulira maulendo pafupifupi 3,000 pa mphindi, ina mpaka kupitirira 9,000, kuti kutenthako kumwazike m'mphepete monse mwa mbaleyo. Mukaiwomba mwamphamvu ili yozizira imang'aluka ngati tambula ya galasi yothiridwa madzi owira. Kuitenthetsa n'kosavuta: kutseka collimator (bokosi la pakamwa pa chubu lochepetsera malo omwe cheza chimagwera), kutulutsa anthu m'chipinda, kusankha kadontho kakakulu, ndi kuwombera kangapo pa 70 kV ndi mphamvu yapakatikati, tikupumira pakati, monga mmene buku la opanga makinawo likunenera.

Tikamatenthetsa timatcheranso khutu. Anode imazungulira pa ma bearing omwe ali m'malo opanda mpweya, momwe simungathiridwe oilo wamba, choncho amawapaka siliva kapena mtovu wopyapyala. Chubu chabwino chimalira mosalala. Chathuchi chinali ndi kaphokoso kokanda, ndipo anode inkaima msanga kuposa mwezi watha. Tinalemba m'buku n'kupitiriza, chifukwa phokoso lokha silokwanira kuchotsera chubu.

Ojambula anatiuza kuti nsonga za mapapo zikumadulidwa pa zithunzi zina, ngakhale kuwala kwa nyale kunali kutakuta chifuwa chonse. Cheza sichioneka ndi maso, ndiye collimator ili ndi babu ndi galasi lopendekeka madigiri 45, zomwe zimalozera ndi kuwala pomwe chezacho chigwere. Poyeza timaika chubu pa masentimita 100 kuchokera pa detector (mbale yolandira cheza n'kupanga chithunzi), tizitsulo tinayi m'mphepete mwa kuwala, n'kuwombera. Kusiyana kwa kuwala ndi cheza, mukaphatikiza mbali ziwiri zoyang'anana, sikuyenera kupitirira 2 peresenti ya mtundawo, kutanthauza masentimita 2. Ife tinapeza pafupifupi 3. Babu linali litasinthidwa posachedwa ndipo silinakhale pamalo pake penipeni. Pojambula chifuwa mtunda umakhala masentimita 180, choncho kuphonyako kumakula. Kukonza kwake ndi ntchito ya mphindi zochepa, kumasula zomangira babu n'kulisuntha mpaka mizere igwirizane, koma lisanakonzedwe odwala ena anajambulidwa kawiri, ndipo chakumunsi cheza chinkafika pamimba pomwe sichimafunika.

Zithunzi za makina a kumawodi zinali ndi lake vuto: pakati poyera bwino, m'mbali timadonthomadontho. Woyambitsa anali grid. Imeneyi ndi mbale yokhala ndi timizere ta mtovu topyapyala kwambiri, tomwe timatchinga cheza chobalalika m'thupi kuti chisafike pa detector. Pa grid zambiri timizereto timapendekera kolunjika chubu pa mtunda umodzi wolembedwa pa chimango chake. Mukaitembenuza, kapena ikapendekeka pansi pa wodwala pa matiresi ofewa, imayamba kutchinganso cheza chabwino. Wojambula akaona timadontho amawonjezera mAs, kutanthauza kuchuluka kwa cheza, koma chofunika chinali kuitembenuza basi. Tinamata chizindikiro chachikulu kumbali yoyang'ana chubu, ndipo tinakumbutsana kuti kwa makanda ndi ziwalo zosafika masentimita 10 kunenepa kwake, grid imachotsedwa. Tsikuli tinamaliza ndi mita yoyezera cheza: tikaika 80 kV tinawerenga kusiyana kosafika 5 peresenti, ndipo kuti cheza chitsike ndi theka panafunika aluminiyamu wopitirira mamilimita 2.9, umboni woti sefa ya pakamwa pa chubu ikuchotsa cheza chofooka chomwe chimangothera pakhungu.

Lachiwiri linali la pa kompyuta. Nthawi ya mafilimu, wojambula akapyoza mlingo filimu inkada bii, aliyense n'kuona. Detector ya digito siitero. Mukaipatsa cheza chochuluka kawiri, kompyuta imakonza kuwala kwake ndipo chithunzi chimatuluka chosalala kuposa kale. Mukaipatsa chochepa, timadontho timaoneka ndipo adokotala amachibweza. Kudzudzulidwa kumachokera mbali imodzi yokha, ndiye mlingo umakwera pang'onopang'ono popanda amene wasankha kuti ukwere. Chotiteteza ndi nambala ya deviation index yomwe imalembedwa pa chithunzi chilichonse: 0 ndi pamlingo woyenera, +1 ndi kupyola ndi 26 peresenti, +3 ndi kuwirikiza kawiri, ndipo -3 ndi theka. Titatulutsa manambala a mwezi wonse tinaona kuti zifuwa zambiri zakwera kupitirira +2.

Ojambula analibe mlandu. Kutsogolo kwa detector kuli tizipinda titatu toyezera cheza ta AEC, chida chomwe chimadula cheza chokha chikakwana. Pojambula chifuwa pamafunika ta m'mbali, tomwe timakhala kuseri kwa mapapo. Pulogalamu itasinthidwa, makina anayamba kusankha okha ka pakati, komwe kamabisika ndi msana ndi mtima. Kachipindako kamadikira cheza chodutsa m'fupa, ndipo pomwe kakhutira mapapo amakhala atalandira chopyola. Tinabweza zosankhazo, kenako tinayeza AEC ndi zidutswa za pulasitiki zonenepa masentimita 10, 15 ndi 20. Nambala iyenera kukhala pafupifupi imodzimodzi pa zonse zitatu, ndipo inatero. Timalangiza kuti pulogalamu ikangosinthidwa, zosankha za chiwalo chilichonse ziyang'anidwenso wodwala woyamba asanalowe.

Madzulo tinachuna detector. Mkati mwake muli cesium iodide yemwe amasandutsa cheza kukhala kuwala, ndipo pansi pake pali timabokosi ta amorphous silicon ta mamilimita pafupifupi 0.15, topitirira 6 miliyoni pa detector ya masentimita 35 ndi 43. Timabokosi timeneti sitimva mofanana, choncho makina amafunika kuphunzitsidwa. Choyamba amawerenga popanda cheza, kenako amawomberedwa ndi cheza chofanana paliponse kudzera mu sefa yomwe opanga analamula, kawirikawiri aluminiyamu wa mamilimita 21 pa 70 kV. Musanayambe pukutani zonse. Kadontho ka mankhwala kouma pa chivundikiro, kapena kapepala komata, kakalowa m'kuchunako kamadzaoneka ngati mthunzi pa chithunzi chilichonse chotsatira. Detector yonyamula m'manja inalinso ndi mzere umodzi wakufa, ndipo zolemba zake zamkati zinaonetsa kuti inagwapo. Mzere wotere tinautengera mozama, chifukwa ukadutsa pa fupa ukhoza kuoneka ngati mng'alu.

Lachitatu lonse tinakhala m'chipinda cha katheta, ndipo kumeneku n'komwe makina amafuna chisamaliro choposa kwina konse. Wodwala woyamba asanalowe timayesa tebulo mbali zonse, zida zoimitsa C-arm ikagunda munthu, batani lozimitsira mwadzidzidzi, nyale yochenjeza ya pakhomo, malo otsala pa disiki, ndi mabatire a UPS omwe amapitiriza kuonetsa chithunzi magetsi akathima. Chifukwa chake n'chimodzi: waya akakhala mkati mwa mtsempha wa mtima, adokotala sangathe kumubweza bwinobwino ali mumdima.

Njira yolowetsera katheta m'mtsempha ndi ija anafotokoza Sven Ivar Seldinger mu 1953. Singano imabaya mtsempha wa pamkono pafupi ndi dzanja kapena wa m'mphechepeche, waya wofewa amadutsa m'singanomo, singano imachotsedwa, ndipo kapaipi kakafupi kotchedwa sheath kamatsetsereka pa waya uja kukhala khomo la katheta. Charles Dotter anatsegula mtsempha wa m'mwendo mu 1964, ndipo Andreas Grüntzig anatsegula wa mumtima ndi kabaluni ku Zurich mu 1977. Zida zake n'zazing'ono zedi. French imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita, choncho katheta ya 6 French ndi mamilimita 2. Waya wamkulu ndi inchi 0.035, pamene wa mumtima ndi inchi 0.014, pafupifupi mamilimita 0.36. Makina ayenera kuonetsa kawaya kameneka pa mtima womwe ukugunda, kudzera m'thupi lonenepa masentimita 25 kapena 30. Amatero potulutsa cheza modukizadukiza, kamphindi kalikonse kosapitirira ma millisecond ochepa kuti chithunzi chisachite chimbuuzi.

Pansi pa tebulo pali zopondera ziwiri zikuluzikulu. China ndi cha fluoroscopy, chongoonera pomwe waya wafika. Chinacho ndi chojambulira zithunzi zosunga, ndipo pa sekondi iliyonse chimapereka cheza chochuluka kakhumi kapena kuposa. Wopondera chachiwirichi pongofuna kuona ngati katheta yasuntha amawononga mlingo waukulu pachabe, pomwe makina amasunga chithunzi chomaliza pa sikirini, ndipo ambiri amatha kusunganso masekondi omaliza a fluoroscopy. Kutsitsa zithunzi kuchoka pa 15 kufika pa 7.5 pa sekondi kumathandizanso, ngakhale si makina onse omwe amatsitsa mlingo ndi theka lenileni, poti ena amawonjezera mphamvu ya chithunzi chilichonse. Ife timayeza kuti tidziwe za makina athu, osangokhulupirira nambala ya pa batani.

Chofunika kuchimvetsa kwambiri m'chipinda chino n'chakuti makina amadzichuna okha. Detector ikalandira cheza chochepa, kV ndi mA (kuchuluka kwa magetsi odutsa m'chubu) zimakwera nthawi yomweyo popanda kufunsa munthu, ndipo chithunzi chimakhalabe chowala. Masentimita 3 kapena 4 aliwonse owonjezera a thupi amatha kuwirikiza kawiri cheza cholowa pakhungu. C-arm ikapendekeka kwambiri, njira yodutsa m'thupi imatalika. Mkono wa wodwala ukalowa m'njira ya cheza, makina amakweza mphamvu, ndipo mkonowo, pokhala pafupi ndi chubu, ndiwo umapsa. Detector ikakhala patali ndi chifuwa, mlingo umakwera. Tebulo likatsika kwambiri, msana umayandikira chubu. Kukulitsa chithunzi nakonso kumakweza mlingo. Pa wodwala wonenepa makina amachotsa okha sefa ya mkuwa, yomwe imakhala pakati pa mamilimita 0.1 ndi 0.9, pofuna kuti cheza chikwane, ndiye khungu limalandira chofooka chija chomwe sefayo imatchinga. Zonsezi pa sikirini sizioneka. Chosavuta kuposa zonse, koma choiwalika kawirikawiri, ndi kutseka collimator kuti patsale pokhapo pomwe pakugwiridwa ntchito: malo olandira cheza amachepa, chobalalika chimachepa, chithunzi n'kuoneka bwino kuposa kale.

Pakona ya sikirini pamakhala manambala atatu. Yoyamba ndi nthawi ya fluoroscopy, yomwe anthu amaikonda koma ndi yonyenga, chifukwa siwerengera zithunzi zosunga zija. Yachiwiri ndi air kerma, mlingo wa cheza mu mGy (1,000 mGy ndi 1 Gy), yowerengedwa pamalo omwe ali masentimita 15 kuchokera pakati pa C-arm kulowera ku chubu, ndipo imeneyi ndiyo imayandikira kunena za khungu. Yachitatu ndi KAP, mlingo wochulukitsidwa ndi kukula kwa malo. Malamulo omwe opanga makina amatsatira amalola manambala a mlingowa kuphonya mpaka 35 peresenti, n'chifukwa chake timawayerekeza ndi mita yathu n'kulemba kusiyana kwake. Pa khungu, pafupifupi 2 Gy pamalo amodzi ikhoza kulifiiritsa kwa kanthawi, pa 3 Gy tsitsi likhoza kuthothoka n'kudzameranso, ndipo kupitirira 15 Gy pamatha kubuka chilonda chosapola chofuna opaleshoni. Wodwala samva chilichonse pa tebulo. Zizindikiro zimadza patapita masiku kapena masabata.

Tsikuli panali ntchito imodzi yaitali, yotsegula mtsempha wa mtima womwe unatsekeka kalekale mwa wodwala wathupi. Air kerma itafika 3 Gy anamwino ananena mokweza monga mwa dongosolo, ndipo ankabwereza pa 1 Gy iliyonse yotsatira. Adokotala anasintha kupendekeka kwa C-arm kuti cheza chisalowere pamalo amodzi a msana. Pomaliza nambala inadutsa pang'ono 5 Gy, mlingo womwe umafuna kuti wodwala auzidwe, zilembedwe m'failo, ndipo msana wake uyang'anidwe pakapita masabata awiri mpaka anayi. Kumuuzako n'kofunika zedi, chifukwa akapanda kudziwa amakaonetsa bala kwa dokotala wina yemwe angalidule kuti akaliyeze, pomwe khungu lopsa ndi cheza silipola msanga likadulidwa.

Mkati mwa ntchito yomweyi makina anachenjeza kuti chubu chatentha, asanafike pomwe amachenjezera masiku onse. Chubu cha makina oterewa chimazizitsidwa ndi oilo ndi madzi oyenda m'mapaipi kupita ku chozizitsira cha m'kachipinda ka kuseri. Kumeneko tinapeza sefa ya mphepo itadzaza fumbi, fani ikuzungulira koma mphepo yosadutsa. Titaiyeretsa kutentha kunatsika, ntchito inapitirira. Chikanapitirira kutentha, makina akanatseka zithunzi zosunga n'kusiya fluoroscopy yofooka yokha.

Masana kunali kujambula mitsempha ya m'miyendo ndi njira ya DSA. Makina amajambula kaye chithunzi mankhwala asanalowe, kenako amachichotsera pa zithunzi zotsatira, kuti mafupa azimiririke patsale mitsempha yokha. Tinaitanidwa kuti mafupa akuonekabe ngati mizere yoyera ndi yakuda. Makina analibe vuto. Wodwala ankasuntha phazi mankhwala akamalowa, chifukwa amamveka kutentha m'mitsempha, ndiye zithunzi ziwirizo sizinkagwirizana. Kumuchenjeza asanabayidwe ndi kumangirira miyendo bwino kunathetsa zambiri, zotsalazo tinakonza posuntha chithunzi choyamba pa kompyuta. Mankhwalawa amakhala ndi ayodini wa pakati pa 300 ndi 370 mg pa mililita, ndipo amatenthetsedwa kufika madigiri 37 kuti asalimbe podutsa m'katheta yopapatiza. Pampu yobayira imadzazidwa itayang'ana kumwamba kuti mpweya utuluke, ndipo pobaya imayang'ana pansi kuti kathovu kotsala kakhale kutali ndi wodwala. Mphamvu yake imatha kufika 1,200 psi, koma malire enieni ndi omwe alembedwa pa paketi ya katheta. Ayodini amaoneka bwino cheza chikakhala ndi mphamvu yongopitirira pang'ono 33 keV, kutanthauza kV ya pakati pa 65 ndi 80. Makina akakwera okha kudutsa 100 kV mitsempha imaoneka yotuwa, adokotala amawonjezera mankhwala, ndipo katundu yense amakagwera impso za wodwala.

Lachinayi tinali kuthiyeta. C-arm yoyamba inkapitiriza kutulutsa cheza kwa kanthawi phazi litachoka pa chopondera. Vuto lotere sitilizengereza: tinaichotsa pa ntchito nthawi yomweyo. Titatsegula chopondera tinapeza madzi a saline atauma mozungulira switchi, mphira wotchinga atang'ambika. Tinaika china n'kuchiveka thumba la pulasitiki. Chingwe chachikulu cholumikiza C-arm ndi ngolo ya masikirini chinali chitaphwanyika pomwe mateyala amachiponda, ndipo n'chomwe chinkachititsa chithunzi kuthima n'kubwerera. Tinapezanso kuti chotchinga cha pakamwa pa chubu, chomwe chimaletsa khungu kuyandikira kuposa masentimita 30, chachotsedwa kuti makina alowe bwino pansi pa tebulo. Tinachibwezera. Mtunda ukachepa ndi theka cheza chimachuluka kanayi, ndiye kapulasitiki kameneka kali ndi ntchito yaikulu.

C-arm yachiwiri ndi yakale, ya image intensifier, chida chooneka ngati ng'oma chomwe chimasandutsa cheza kukhala chithunzi chowala. Chithunzi chake chimapindika m'mphepete, ndipo mphamvu ya maginito ya dziko lapansi imatha kukhotetsa mzere wowongoka kukhala ngati S makina akatembenuzidwa. Madokotala oika chitsulo m'fupa la ntchafu ayenera kudziwa zimenezi, kuti malo omwe akuyeza akhale pakati pa chithunzi. Tinakumbutsananso za poima. Cheza chomwe chimafika kwa ogwira ntchito chimachokera m'thupi la wodwala, makamaka kumbali yomwe chalowera. Chubu chikhale pansi pa tebulo, ndipo pojambula cham'mbali, amene angathe aime kumbali ya detector.

Tsiku lomweli tinaunika maepuloni a mtovu pansi pa fluoroscopy, imodzi imodzi. Amakhala a mamilimita 0.25, 0.35 kapena 0.5, ndipo ya 0.5 imatchinga zoposa 90 peresenti ya cheza chobalalika. Ikamapindidwa kapena kuponyedwa pampando imang'aluka mkati, kunja ikuoneka yatsopano, ndipo pa sikirini mng'aluwo umawala ngati mzere woyera. Zingapo tinazichotsa. Epuloni siteteza maso. Mu 2011 bungwe la ICRP, lomwe limalangiza mayiko za kuteteza anthu ku cheza, linatsitsa malire a cheza chofika pa diso la wogwira ntchito kufika 20 mSv pa chaka, powerengera zaka zisanu, chifukwa zinadziwika kuti ng'ala imayamba pa mlingo wochepa kuposa mmene ankaganizira kale. Galasi la mtovu lolendewera kudenga liyenera kukhala pakati pa wodwala ndi nkhope ya adokotala, logundana ndi thupi la wodwalayo, ndipo makatani a pansi pa tebulo asachotsedwe. Baji yoyezera cheza yomwe yasiyidwa m'dirowa imawerenga ziro mwezi ndi mwezi, ndipo ziro wa munthu wogwira ntchito m'chipinda cha katheta timamukayikira kuposa nambala yokwera.

Lachisanu chubu cha Lolemba chija chinaonetsa zambiri. Pojambula chifuwa pa 125 kV kunkamveka kuthetheka, kujambula n'kudukira pakati. Amisiri amati arcing, magetsi kudumpha pomwe sayenera kudutsa. Malo okayikitsa ndi awiri: mapulagi a zingwe za magetsi amphamvu, kapena mkati mwa chubu. Timayambira ku mapulagi chifukwa ndiko kosavuta. Timazimitsa makina, kukhoma switchi yaikulu ndi loko, kenako pulagi ikangotuluka timaigunditsa ku earth kuti magetsi otsala atayikire pansi, popeza chingwe chilichonse chimanyamula mpaka 75 kV ndipo chimasunga magetsi ngakhale makina atazima. Timafufuza kamzere kakuda kopserera pa pulagi ndi m'dzenje lake, kupukuta ndi nsalu yosasiya ulusi, ndi kupaka girizi watsopano wa silicone kuti pasatsale mpweya. Mapulagi athu anali oyera.

Ndiye kuti vuto linali mkati. Chubu chikamakalamba, tungsten amauluka pang'onopang'ono kuchoka pa filament ndi pa anode n'kumatirira pa galasi, mpaka magetsi amapeza njira yodumphira. Nthawi zina kuchikweza pang'onopang'ono kumathandiza: kuyambira pa kV yotsika, kuwombera kangapo, kukwera pang'ono, kukathetheka kubwerera m'mbuyo. Chathu chinakhazikika mpaka 110 kV, kupitirira apo chinkadumphabe. Titaphatikiza ndi phokoso la ma bearing, tinalemba kuti chisinthidwe. Chimodzi mwa zomwe zimapha machubu msanga ndi chizolowezi chogwira batani pa sitepe yoyamba kwa nthawi yaitali podikira kuti wodwala akhazikike. Nthawi yonseyo filament imakhala itatentha kotheratu ndipo anode ikuthamanga. Ndi bwino kukonza wodwala kaye, n'kudina batani kamodzi mpaka pansi.

Loweruka ndi la mapepala. Tinagwirizanitsa mawotchi a makina onse ndi a PACS, kompyuta yosungira zithunzi zonse, chifukwa zithunzi za wodwala mmodzi zikasokonekera nthawi, adokotala akhoza kutenga cha dzulo ngati cha lero. Tinakonza makina a kumawodi omwe anasiya kulandira mndandanda wa odwala, zomwe zinkakakamiza ojambula kutaipa maina pamanja. Tinawerenganso zithunzi zobwerezedwa ndi zifukwa zake, kuti mwezi wamawa tidzaone ngati kukonza collimator ndi grid kwasintha kanthu. Pa makina a chipinda chojambulira wamba tinamata kalata yoti pasadutse 110 kV, ndipo odwala athupi omwe zifuwa zawo zimafuna kV yokwera adikire kaye upangiri wa mkulu wa ojambula. Chubu chatsopano chikafika sichingoikidwa n'kuyamba ntchito. Chidzakwezedwa pang'onopang'ono, mA ya kadontho kalikonse idzachunidwa, kV ndi sefa zidzayezedwanso, kuwala kwa collimator kudzagwirizanitsidwa ndi cheza, AEC ndi detector zidzachunidwanso, ndipo cheza chodontha m'chikuto cha chubu chidzayezedwa kuti chisapitirire 1 mGy pa ola pa mtunda wa mita imodzi.